Pepala Limatuluka Kamodzi

Ana anga amene mwamaliza kafukufuku, tcherani khutu. Mwayenda m'midzi ndi mafunso, mwachezera mu labu, mwalemba n'kufufuta mpaka pepala lapsa. Tsopano mtima ukuti lituluke msanga. Ambiri amagwera pamenepa. Pepala limatuluka kamodzi, kamodzi kokha. Likatulukira pamalo olakwika, journal yaulemu sidzalilandiranso.

Imelo idzabwera. Idzakutchani "Dokotala" musanavale n'komwe mkanjo. Idzalonjeza kuti mukatumiza lero, sabata yamawa likhala litatuluka, ndipo kumunsi kwake kudzakhala mtengo wa madola. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akatswiri owunika moona amakhala ndi pepala miyezi, n'kulibweza lili mafunso okhaokha. Amene wavomera pepala m'masiku atatu sanaliwerenge. Akufuna ndalama zanu basi.

Musati ndikukuopsezani. Mu 2013, John Bohannon analemba dala pepala labodza, lodzaza zolakwika, lonena za mankhwala a khansa. Analitumiza ku ma journal 304, ndipo 157 analivomera. Nkhaniyo inatuluka m'magazini ya Science. Jeffrey Beall, amene ankagwira ntchito mu laibulale ya University of Colorado Denver, ankasunga mndandanda wa osindikiza odyera anthu masuku pamutu mpaka 2017. Mndandandawo unatsekedwa, koma akubawo akadalipo.

Ine msampha umenewu unandigwira ndili mnyamata. Ndinalipira ndalama yongobwereka, pepala n'kutuluka ngakhale zilembo zolakwika osakonza. Nthawi yokwezedwa pantchito itafika, komiti inalidumpha ngati kulibe. Palibe analitchulapo m'zolemba zake. Kenaka tsamba la journal ija linazimiririka pa intaneti. Chimene chimandiwawa mpaka lero si ndalama ayi, koma amayi aja amene anasiya makasu kumunda n'kukhala pamphasa kuyankha mafunso anga. Mawu awo ndinawataya ndine.

Choncho yambani apa. Tsegulani kumapeto kwa pepala lanu, pamene mwandandalika mabuku amene munawerenga. Ma journal amene akubwerezedwabwerezedwa pamenepo ndiwo akukamba nkhani yanu. Sankhani mwa amenewo. Werengani cholinga chimene journal inadziikira, muwerengenso zimene yatulutsa zaka ziwiri zapitazi. Ngati simunawerengepo kanthu m'menemo, nanga lanu adzawerenga ndani?

Kenaka fufuzani. Journal ikanena kuti ili mu Scopus, Web of Science kapena DOAJ, musakhulupirire chizindikiro chimene yamata patsamba lake. Pitani komweko, mulembe dzina ndi nambala yake ya ISSN, muone ndi maso anu. Onani maina a akonzi ndi mayunivesite awo. Mtengo muudziwe musanatumize, ndipo musachite manyazi kupempha kuti akuchotsereni, pakuti osindikiza ambiri odalirika amakhululukira olemba a m'maiko osauka. Funsani supavaiza. Funsani wa ku laibulale. Safunsa anadya phula.

Musanyoze za kwathu kuno. Kafukufuku wa malungo ku Chikwawa ayenera kufika kwa dokotala ndi namwino amene akulimbana ndi malungowo. Malawi Medical Journal imapezeka pa PubMed, ndipo African Journals Online yakhala ikusonkhanitsa ma journal a mu Africa kuyambira 1998. Dzifunseni kuti amene akufunika kumva zimene mwapeza amawerenga kuti.

Ndipo musatumize pepala limodzi kuwiri nthawi imodzi. Akonzi amadziwana, owunika ndi omwewo. Mukagwidwa, dzina lathimbirira.

Adzakukanani. Zidzawawa. Lirani tsiku limodzi, mawa lake mutenge ndemanga zawo, muyankhe imodziimodzi, mukonze, mutumize kwina. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Journal yokukanani itawerenga yakuthandizani kuposa yokulandirani osawerenga. Dzina lanu likhala pa pepala limenelo inu mutakalamba, ndipo ophunzira anu adzalipeza. Lisungeni bwino, ana anga. Musalipereke kwa aliyense wokuitanani.