Musanakoloweke thirela kumbuyo kwa pikapu

Nyengo yokumba mbatatesi ikafika kuno ku Ntengo-Wambalame, aliyense amene ali ndi pikapu amayamba kuona ngati bokosi lake lachepa. Matumba ali mbwee kumunda, ogula akudikira ku Ulongwe kapena ku Tete, ndipo ulendo umodzi sukwana. Apa m'pamene mtima umathamangira ku thirela, kangolo ka matayala awiri kokokedwa ndi galimoto. Masana kamanyamula katundu, usiku mukakuta lona pamwamba kamasanduka pogona. Alendo a ku South Africa amene timawaona pamsewu wa Tete amakoka zoterezi, zawo zili ndi tenti yopinda ndi thanki ya madzi. Zathu amatipangira ndi owotcherera zitsulo, koma ubwino ndi mavuto ake n'chimodzimodzi.

Ambirife tinakula ndi ngolo ya ng'ombe, ndiye timaganiza kuti thirela ndi ngolo yomweyo, kungoti yothamanga. Ayi anzanga. Ng'ombe ikafika potsetsereka imalimbitsa yokha miyendo, ikaona thope imayamba yakayika. Thirela ilibe nzeru zimenezo. Pachitunda imakukokerani m'mbuyo, potsetsereka imakukankhani. Nzeru zonse ziyenera kuchokera kwa inu amene mwagwira chiwongolero.

Zimene mudzapindule

Phindu lalikulu n'lakuti maulendo awiri amasanduka umodzi. Kwa munthu wochokera ku Banga kapena ku Chinvano, tsiku limodzi lopulumutsidwa m'nyengo yokolola si laling'ono. Pobwerera mumanyamula feteleza kapena malata popanda kupanikiza anthu m'bokosi.

Chachiwiri ndi pogona. Mukafika pamsika madzulo, kapena mukamalondera mbatatesi zokumbidwa kumunda wakutali, simulipira chipinda ndiponso simusiya katundu yekha. Mumagona pamwamba, kutali ndi chinyezi ndi linthumbu. Mphika, mabulangete ndi chigubu cha madzi zimakhala ndi malo ake, simuzifunafuna mumdima.

Chachitatu, thirela imamasulidwa. Mutha kuisiya kumunda anyamata akupakira, inu n'kupita kuchigayo kapena kuchipatala ndi galimoto yopepuka.

Zimene mudzalipire

Walira mvula walira matope. Thirela imadya mafuta. Ngati ulendo wanu umatha malita 20, konzekerani 25 kapena kuposerapo mukakoka yodzaza m'zitunda zathuzi. Imadyanso nthawi: ulendo wa maola atatu muziuwerengera anayi. Kilachi, mabuleki ndi matayala akumbuyo a pikapu zimatha msanga kuposa kale.

Mukamva mtengo kwa owotcherera, musaganize kuti ndalama zathera pomwepo. Tengani pepala, mulembe pansi pa mtengowo chitsulo chokokera chomangidwa ku chasisi ya galimoto, tayala lapadera, nyali ndi mawaya ake, matcheni awiri, lona, zingwe, girisi, ndi mapepala a boma. Funsani amisiri awiri kapena atatu musanapereke ndalama yoyamba. Mukaphatikiza zonse, gawani ndi phindu la ulendo umodzi umene thirela ingakupulumutsireni. Ngati ndalamayo singabwerere m'zaka ziwiri, ndi bwino kumabwereka ya mnzanu pa masiku ochepa amene mukuifunadi.

Pa za malamulo, safunsa anadya phula. Pitani ku ofesi yoona za magalimoto ya INATRO ku Tete mukafunse za nambala ndi mapepala a thirela, imene pa Chipwitikizi amailemba kuti reboque. Laisensi wamba ya galimoto yaing'ono imalola thirela yosapitirira makilogalamu 750, kuphatikiza katundu. Apolisi apamsewu amafunanso chizindikiro cha ngodya zitatu cha buluu ndi chikasu kutsogolo kwa galimoto ndi kumbuyo kwa thirela. Ngati mumadutsa malire pa Calomue kapena pa Biriwiri, mapepala a thirela azikhala m'thumba limodzi ndi a galimoto.

Posankha kapena popangitsa

Uzani mmisiri kuti matayala a thirela afanane ndi a pikapu yanu, kukula kwake ndi mabowo a mabawuti omwe, kuti tayala lapadera lithe kuthandiza uku ndi uku. Kutalikirana kwa matayala awiriwo kufananenso ndi kwa galimoto. Mukatero thirela imaponda mmene galimoto yaponda, m'malo mokwera m'mphepete mwa mikwasa ya mathirakitala n'kumapendekeka. Pansi pake pasakhale pafupi ndi nthaka kuposa pansi pa galimoto. Bokosi lisatalike kwambiri m'mwamba, chifukwa katundu wokwera ndiye amagubuduza ngolo pamsewu wopendekeka.

Chonde musamangirire thirela kubampala ndi waya kapena bawuti imodzi. Gulani chokokera chenicheni, cha mutu wobulungira wa mamilimita 50, ndipo kapu ya thirela yokhazika pamutuwo ikhale ya muyeso womwewo.

Kupakira

Yambani ndi masamu. Ngati thirela yopanda kanthu ikulemera makilogalamu 250, mwatsala ndi 500, amene ndi matumba 10 a makilogalamu 50. Matumba athu a mbatatesi osokerera chisoti pamwamba amalemera kuposa pamenepo, choncho ayezeni pasikelo, musawerenge ndi maso.

Katundu wolemera aikidwe pansi, pamwamba pa ekiselo ndi kutsogolo kwake pang'ono. Pa matumba 10, asanu ndi limodzi akhale kutsogolo kwa matayala, anayi kumbuyo. Cholakwa chimene ambiri amachita ndi kuunjika kumbuyo chifukwa ndiko kosavuta kufikira. Thirela yolemera kumbuyo imayamba kugwedeza mchira mukangofika pa tala, ndipo imatha kutembenuza galimoto.

Mukamaliza, yesani kunyamula mkono wokolowekera thirela kugalimoto ndi manja awiri. Uzilemera ngati thumba limodzi la feteleza. Ukadzuka wokha, kumbuyo kwalemera. Ukakanika amuna awiri, kutsogolo kwalemera, ndipo matayala akutsogolo a galimoto sagwira bwino msewu. Tsitsani, mupakirenso. Mphindi 20 zimenezo musaziumire.

Mangani ndi zingwe mopingasa, mukute lona. Munthu asakwere m'thirela ikamayenda, ngakhale mwana atalira bwanji, ngakhale ndi pamaliro.

Kukoloweka

Patulani mphindi 15 tsiku lililonse la ulendo, muzichita motsatana chonchi. Khazikani kapu pamutu wa chokokera, tsekani, lowetsani pini, kenako kokerani m'mwamba muone ngati yagwiradi. Kolowekani matcheni awiri mopingasa pansi pa mkono, kuti kapu ikavuka mkonowo ugwere pamatcheni, usalase pansi. Lumikizani nyali, wina aime kumbuyo akuuzeni ngati za mabuleki ndi zokhotera zikuyaka. Onani mpweya m'matayala ndipo limbitsani mabawuti ndi sipanala.

Mukayenda makilomita 10, imani. Limbitsaninso zingwe, chifukwa matumba amakhala atakhazikika. Ikani dzanja pakati pa tayala lililonse la thirela. Pakafunda pang'ono palibe vuto, koma pakatentha moti simungapirire, mabering'i auma. Musapitirire. Fumbi la chilimwe ndi madzi a m'mitsinje ndi adani a mabering'i, choncho atsukeni ndi kuika girisi watsopano kawiri pachaka, mvula isanayambe ndi ikatha. Ndi ntchito ya theka la tsiku.

Panjira

Pamsewu wafumbi wa mabampu musapitirire makilomita 30 kapena 40 pa ola. Thirela imadumpha kuposa galimoto, ndipo mbatatesi zosupuka ogula amazitsitsa mtengo. Pokhota tengani malo aakulu, chifukwa matayala a thirela amadula njira mkati. Pamilatho yamitengo tsikani kaye mukaone.

Malo ofunika kusamala koposa ndi potsika phiri, monga mukamachoka kumtunda kwathu kuno kulowera ku Mussacama ndi Moatize. Thirela zambiri zopangidwa kuno zilibe mabuleki akeake, ndiye kulemera konse kumagwera mabuleki a pikapu. Lowetsani giya yachiwiri musanayambe kutsika, injini igwire galimoto. Musatsike pa nyutulo pofuna kusunga mafuta. Mukamva fungo la mabuleki, imani pamalo athyathyathya, azizire kwa mphindi 20. Mtunda wa pakati pa inu ndi galimoto yakutsogolo ukhale wowirikiza kawiri poyerekeza ndi masiku onse.

Thirela ikayamba kugwedezeka, musaponde buleki mwamphamvu ndipo musalimbane nayo ndi chiwongolero. Chotsani phazi pamafuta pang'onopang'ono, gwirani chiwongolero chilunjike, liwiro litsike lokha. Kenako imani mukonze katundu.

Kubwerera m'mbuyo phunzirani pabwalo la mpira Loweruka masana, osati pamsika anthu akukuonererani. Gwirani chiwongolero m'munsi: kumene dzanja lapita ndi kumene mchira wa thirela upite. Masana awiri kapena atatu akukwanani.

Kuyambira Disembala mpaka Malichi, dothi lathu lofiira likanyowa limaterera ngati sopo. Misewu ya kumidzi ndi yolowera ku Furancungo ikakhala yotero, thirela itsale pakhomo. Mukatitimira nayo, musavutitse kilachi. Ikani miyala kumatayala ake, tsitsani katundu, imasuleni, tulutsani galimoto yokha, kenako muikoke ndi chingwe muli pouma. Khasu, jeke ndi thabwa lochindikala zisasowe m'galimoto.

Pogona

Fikani kusanade. Sankhani malo athyathyathya, osati m'khwawa kapena pansi pa mtengo wouma. Ngati ndi kumudzi kwa eni, kaonekereni kwa mfumu kapena mwini munda. Ikani miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala. Mukamasula thirela, ichirikizeni ndi chitsa kutsogolo ndi kumbuyo komwe, kuti isapendeke munthu akakwera. Lona likhale lotsetsereka mbali imodzi kuti mame ndi mvula zitsike.

Pano mvetsetsani bwino, chifukwa ndi nkhani ya moyo. Mu Juni ndi Julayi kuno kumazizira mpaka m'mafupa, ndipo mtima umafuna kulowetsa mbaula pansi pa lona. Musayerekeze. Makala amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha, munthu amangogona osadzukanso. Otherani panja, zimitsani moto, mulowe ndi mabulangete awiri. Chigubu cha petulo chikhale kutali ndi pophikira. Mukagona kuchigwa, ku Moatize kapena ku Tete, vuto ndi udzudzu, choncho neti isatsale.

Tsono ngati muli ndi maulendo ambiri m'chilimwe, galimoto ya mabuleki abwino, ndi mtima wodekha potsika phiri, thirela idzakutumikirani zaka zambiri. Ngati mukukayika, bwerekani ya mnansi ulendo umodzi, mupakire theka la katundu, mulembe mafuta ndi maola amene mwatha. Mukabwerako mudzakhale pansi ndi akunyumba, muone pepalalo limodzi, musanagulitse ng'ombe kuti mugule chitsulo.