Kudziwa Mexico muli ku Kafue: yambirani kukhitchini

Banja lofuna kudziwa dziko la Mexico lisayambe ndi kufunsa mtengo wa tikiti ya ndege, chifukwa nkhani idzathera pomwepo. Yambirani pa thumba la chimanga lomwe lili m'nyumba mwanu. Chimanga kwawo ndi ku Mexico. Alimi a m'chigwa cha mtsinje wa Balsas anachipeza zaka pafupifupi 9,000 zapitazo posankha mbewu za udzu wakutchire wotchedwa teosinte, ndipo kuno ku Africa chinafika ndi zombo za Apwitikizi chitadutsa chaka cha 1500. Maungu, tsabola, mapeyala ndi mitundu yambiri ya nyemba zinayambanso kulimidwa komweko. Ngakhale kudzala chimanga, nyemba ndi maungu m'munda umodzi, monga amachitira agogo athu, anthu a kumeneko akhala akuchita kuyambira kalekale. Likulu la CIMMYT, bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu, lili ku Texcoco pafupi ndi Mexico City, ndipo mbewu zina zopirira chilala zomwe alimi amagula kuno zinachokera ku kafukufuku wake.

Choncho Loweruka lina phikani monga amaphikira iwo. Nsima sadya, chimanga chawo amapangira tortilla, timikate tapyapyala tootcha popanda mafuta. Musayese ndi unga wa bulekifasi wa m'sitolo, udzangofumbutuka m'manja. Tengani chimanga chouma chosagaya, kilo imodzi, muchisankhe bwino. A ku Mexico amachiwiritsa ndi laimu wodyedwa, koma madera ena amagwiritsa ntchito phulusa, ndipo ife chidulo timachidziwa kale. Chezani chidulo cha phulusa la nkhuni zokhazokha, osati la moto womwe munaponyamo mapulasitiki kapena matabwa opaka penti. Laimu wa ku hadiweya womangira nyumba asayandikire mphika. Wiritsani chimangacho m'madzi a chidulo pa mbaula kwa mphindi 30 mpaka 45, kufikira khungu lake litayamba kusendeka mukachifikisa ndi zala. Phulani, musiye chigone m'madzi omwewo usiku wonse. M'mawa chitsukeni kangapo mukuchipekesa mpaka madzi ayere, kenako musinje mumtondo chikadali chonyowa kufikira chitasalala ndi kugwirana. Apa ndi pomwe pali ntchito, ndipo anyamata a pakhomo asathawe. Umbani timipira, mutiphwatalalitse pakati pa mapepala awiri apulasitiki pokanikiza ndi pansi pa mbale, muotche pa chiwaya chotentha chouma, mphindi imodzi mbali iliyonse. Ikanimo nyemba zophika, tomato, anyezi, tsabola ndi peyala, kapena nsomba yootcha ya mu Kafue, mupinde n'kudya ndi manja.

Kaphikidwe kameneka si kokometsa chabe. Chidulo kapena laimu amamasula vitamini ya niacin yomwe mu chimanga imakhala yomangika moti thupi silitha kuitenga. N'chifukwa chake matenda a pellagra, othetheka khungu ndi kutsegula m'mimba, sanali ofala ku Mexico ngakhale anthu ankadya chimanga tsiku lililonse, pomwe anavuta kwambiri anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique m'misasa ya ku Malawi mu 1989 ndi 1990. Chimanga chinawoloka nyanja, koma luso lochiphikira linatsala.

Mukakhuta, tulutsani atilasi ya ana a sukulu. Mexico ili kumwera kwa United States, pakati pa nyanja ya Pacific ndi Gulf of Mexico. Kukula kwake mungaikemo Zambia kawiri ndi theka, ndipo kalembera wa 2020 anapeza anthu 126 miliyoni. Palibe dziko lina lokhala ndi olankhula Chisipanishi ochuluka chotere, ngakhale Spain yemwe. Mwana aliyense mumpatse malo amodzi oti afufuze pa foni ndi kudzafotokozera banja. Zithunzi ndi mavidiyo zimadya mabando, tsono koperani pomwe intaneti ili yotchipa, foni ili ndi moto, malaiti asanapite.

Wamkulu atenge Mexico City. Mzindawu unamangidwa pamwamba pa Tenochtitlan, likulu la Aaziteki lomwe linakhazikitsidwa mu 1325 pa chilumba cha m'nyanja, n'kugonjetsedwa ndi Hernán Cortés mu 1521. Nyanjayo inaumitsidwa, n'chifukwa chake nyumba zina zakale zikumira pang'onopang'ono. Chomwe chinatsala ndi Xochimilco, komwe alimi amalimabe ndiwo ndi maluwa pa timinda tomangidwa ndi matope pakati pa ngalande, alendo n'kumayenda pa mabwato opakidwa utoto wowala. Kwa ife okhala m'mbali mwa mtsinje ndi madambo a Kafue, malo amenewa ndi ofunika kuwayang'anitsitsa kuposa mahotela onse a ku Cancún, omwe ine ndimawaona ngati a alendo olemera basi, osakuuzani kanthu za dzikolo.

Wina atenge Teotihuacan, mzinda wakale womwe uli makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Mexico City, mtunda wosasiyana kwenikweni ndi wochokera kuno kukafika ku Lusaka. Piramidi ya Dzuwa ya kumeneko ndi yotalika mamita pafupifupi 65, ndipo Aaziteki anaupeza mzindawo uli bwinja kale. Wokonda masamu mumpatse Chichén Itzá ya Amaya, ku Yucatán. Piramidi yake ili ndi masitepe 91 mbali iliyonse mwa zinayi; awonkhetse, awonjezere nsanja ya pamwamba, aone ngati sapeza masiku a chaka. Wamng'ono atenge agulugufe a monarch, omwe amauluka kuchokera ku Canada ndi United States n'kudzadzaza nkhalango za m'mapiri a Michoacán kuyambira Novembala mpaka Malichi. Amene anamvapo za mileme ya ku Kasanka adzamvetsa msanga. Oaxaca musaiphonye: m'misika yake amagulitsa ziwala zokazinga ndi tsabola ndi ndimu, ndipo pa 1 ndi 2 Novembala mabanja amakongoletsa manda ndi maluwa achikasu, kutengako chakudya ndi kucheza komweko pokumbukira abale awo.

Bambo a m'nyumba akamaoneka kuti zonsezi sizikuwakhudza, atchulireni Estadio Azteca. M'tauni yomwe inalera Patson Daka, mpira sufuna wotanthauzira. Pa bwalo limenelo Pelé ananyamula chikho cha dziko lonse mu 1970, Diego Maradona mu 1986, ndipo ndi lomwenso linasankhidwa kutsegulira mpikisano wa 2026. Okonda masewero a Telemundo nawonso ali ndi poyambira, bola akumbukire kuti nyumba zapamwamba ndi mfuti za m'masewerowo si moyo wa anthu wamba. Ponena za nthawi, Mexico City ili m'mbuyo ndi maola 8: kuno ikamakwana 20:00, kumeneko ndi 12:00 masana.

Ngati m'banjamo muli wina wopitadi, kaya ku msonkhano, maphunziro kapena za mpingo, ayambe ndi viza miyezi ingapo ulendo usanafike. Mwini pasipoti ya Zambia amafunika kukhala ndi viza. Ndege yolunjika kuchokera ku Lusaka kulibe. Mumasintha panjira, ndipo tikiti yodutsa ku United States imafuna viza ya dzikolo ngakhale mukungosintha ndege, choncho funsani musanalipire. Mexico City ili pa mamita 2,240 pamwamba pa nyanja, pafupifupi mamita 1,000 kuposa Lusaka, tsono masiku oyamba yendani modekha ndipo odwala BP kapena mtima aonane ndi dokotala asananyamuke. Madzi a pampopi musamwe. Zigawo zina, monga Sinaloa ndi mbali zina za Michoacán yomweyo, zimavutika ndi magulu ogulitsa mankhwala osokoneza bongo, choncho maulendo a basi ataliatali ayendedwe masana, ndipo mnzanu wa pa ndege akakupemphani kumunyamulira kachikwama, kanani.