Kuuluka Kumayambira Pansi

Muulutsi: Sabata yatha tinakupemphani kuti mutumize mafunso okhudza maphunziro oyendetsa ndege, ndipo makalata ndi mauthenga a pa foni abwera mulu. Muno ndili ndi bambo amene akhala zaka zambiri akuphunzitsa anthu kuulutsa ndege zing'onozing'ono. Aphunzitsi, takulandirani.

Mphunzitsi: Zikomo achimwene, ndipo moni kwa onse amene akumvetsera. Masulani mtolo wa makalatawo tiyambepo.

Muulutsi: Yoyamba yachokera kwa mnyamata wa Fomu 4 wa ku Lumbadzi. Akuti: "Kwathu n'kufupi ndi bwalo la ndege la Kamuzu. Kuyambira ndili mwana, ndege ikamatera ndimasiya chilichonse n'kumaiyang'ana. Ndikufuna ndidzayendetse ndege. Ndiyambire pati, nanga pamafunika digiri?"

Mphunzitsi: Mwana wanga, digiri siifunika. Khomo limene ambiri amalowera ndi laisensi yotchedwa PPL, imene imakulola kuyendetsa ndege yaing'ono paulendo wako, kunyamula abale kapena anzako, koma osalandirapo malipiro. Malamulo ake ndi ofanana pafupifupi dziko lonse lapansi, chifukwa amachokera ku bungwe la ICAO, limene linabadwa pa mgwirizano wa ku Chicago wa 1944 ndipo likulu lake lili ku Montreal. Bungweli limati munthu akhale wa zaka zosachepera 17 ndipo akhale atauluka maola osachepera 40. Mayiko ena amawonjezerapo: ku South Africa ndi ku Ulaya amafuna maola 45. Mwa maola amenewa, 10 kapena kuposerapo ukhale utauluka wekha, ndipo pakhale ulendo umodzi wa makilomita 270, wotera pa mabwalo awiri osiyana ndi limene unanyamukira.

Tsono zimene uli nazo m'manja panopa ndi MSCE. Limbikira Chingerezi, masamu, fizikisi ndi jogalafe, chifukwa zonsezi ukazipezanso m'ndege. Koma usanagule buku, makolo ako asanagulitse ngakhale mbuzi imodzi, khomo loyamba kugogoda ndi la dokotala. Osati dokotala aliyense, koma amene anavomerezedwa ndi bungwe loyang'anira za ndege. Ndaonapo mnyamata atalipira kale sukulu, n'kukamva kwa dokotala kuti mtima wake uli ndi vuto. Anabwerera kwawo manja ali m'khosi.

Muulutsi: Nkhani ya dokotalayi ikugwirizana ndi kalata yachiwiri, ya mayi wina wa ku Zomba. Akuti: "Mwana wanga wamkazi amavala magalasi a maso. Anthu akumuuza kuti aiwale za ndege, komanso akuti imeneyi ndi ntchito ya amuna. Ndimuuze chiyani?"

Mphunzitsi: Mayi, mumuuze kuti oyendetsa ndege ambiri amavala magalasi. Chofunika n'chakuti akawavala aziona bwino, ndipo pouluka azitenga ena apadera kuopa kuti amene wavalawo angasweke. Pa PPL amafuna chiphaso cha dokotala cha Class 2. Amapima mtima, kuthamanga kwa magazi, shuga, makutu ndi maso. Kwa munthu wosafika zaka 40, chiphasochi chimatha kugwira ntchito mpaka zaka zisanu. Pa maso amayesanso ngati munthu amasiyanitsa mitundu, makamaka chofiira, chobiriwira ndi choyera. Chifukwa chake n'chakuti nyali ya kuphiko lakumanzere ndi yofiira, ya kuphiko lakumanja ndi yobiriwira, ndipo mukaona ndege ina usiku, nyali zimenezi ndi zimene zimakuuzani kumene ikulowera.

Pa zakuti ndi ntchito ya amuna, mumusimbire za Bessie Coleman, mayi wakuda wa ku America. Sukulu za kwawo zinamukana, iye anaphunzira Chifalansa, n'kuwoloka nyanja kupita ku France, ndipo mu 1921 anatenga laisensi yake. Kuno kwathu tili ndi Kaputeni Yolanda Kaunda. Mu 2017, iye ndi Lusekelo Mwenifumbo anaulutsa ndege ya Malawian Airlines kupita ku Dar es Salaam, onse ogwira ntchito m'ndegemo ali amayi. Ndege siidziwa kuti wagwira chiwongolero ndi mwamuna kapena mkazi. Imangomvera manja odekha. Pa ophunzira anga, atsikana ambiri ndawaona akumvetsera bwino malangizo, osafuna kudzionetsera.

Muulutsi: Bambo wina wa ku Nkhotakota, amene akuti ndi makaniki wa magalimoto, akufunsa: "Kodi m'maola 40 amenewo mumachitamo chiyani? Nanga injini ikazima muli m'mwamba, si ndiye kuti basi mwapita?"

Mphunzitsi: Bambo, inu monga makaniki mungakondwe kuona mmene tsiku lathu limayambira. Sitithamangira kukhala pampando. Timayamba tazungulira ndege yonse, mndandanda wa zoyenera kuona uli m'manja. Sukulu zambiri zimagwiritsa ntchito Cessna 152, Cessna 172 kapena Piper Cherokee. Timaona matayala, oyilo, timapapasa pulopela ngati ili ndi mng'alu, timagwedeza zokhotetsera za kumapiko ndi kumchira. Kenako timatenga kachikho koonekera m'kati n'kutapa mafuta pang'ono pansi pa phiko. Mafuta a ndegezi, amene timati avgas, ndi abuluu pang'ono. Mukawayang'anitsa padzuwa, ngati muli madzi, mumaona kadontho katakhala pansi ngati mkanda, chifukwa madzi ndi olemera kuposa mafuta.

Tsiku lina m'mawa, mvula itagwa usiku wonse, wophunzira wanga anali pa changu. Anati, "Aphunzitsi, dzulo madzulo ndinaona kale." Ndinamupatsa kachikho kaja osayankha. Atatapa, pansi pake panakhala madzi okwana chala chopingasa. Chivundikiro cha thanki chinali chitatha mphira. Madzi amenewo akanafika mu injini tili pamwamba pa mitengo, titangonyamuka kumene. Mnyamatayo anayang'ana kachikhoko nthawi yaitali osalankhula. Kuyambira tsiku limenelo sindinamukumbutsenso.

M'mwamba timayamba ndi kuuluka mowongoka, kukwera, kutsika ndi kukhota. Kenako timaphunzitsa chimene timati stall. Mphuno ya ndege ikadzuka mopitirira, mphepo imasiya kuyenda bwino pamwamba pa phiko, ndipo phikolo limaleka kunyamula ndege. Thupi limakuuzani kuti kokani chiwongolero, pomwe chopulumutsa ndi kuweramitsa mphuno ndi kuwonjezera moto. Timabwereza kutali ndi nthaka mpaka manja atazolowera. Zikatero pamabwera kuzungulira bwalo: kunyamuka, kuzungulira, kutera, kunyamukanso, tsiku ndi tsiku. Kutera ndiye kumaliza anthu misozi, chifukwa maso amayenera kuphunzira okha kuyeza kutalika kwa nthaka. Ndiye tsiku lina, kawirikawiri maola akafika pakati pa 12 ndi 20, mphunzitsi amamasula lamba, n'kutsika, n'kunena kuti, "Pita wekha, kamodzi kokha." Ndege imapepuka, imanyamuka msanga, ndipo ukacheuka kumanja umapeza mpando wopanda munthu. Palibe amene amaiwala tsiku limenelo.

Tsono za injini. Injini ya ndege ili ndi mapulagi awiri pa silinda iliyonse ndi mamagineto awiri, kuti imodzi ikafa inzake ipitirize. Ngakhale itazimiratu, ndege siigwa ngati mwala. Cessna 172 imayandama pafupifupi mamita 9 kutsogolo pa mita iliyonse imene yatsika. Mukakhala mamita 1,000 kuchokera pansi, muli ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 9 woti musankhemo dambo kapena munda wosalala. Mphunzitsi amachepetsa moto mwadzidzidzi n'kufunsa kuti, "Utera pati?" Timachita zimenezi kambirimbiri, kuti tsiku likadzafika, mutu udzagwire ntchito mantha asanalowe.

Muulutsi: Mphunzitsi wa sukulu ya pulayimale ku Mulanje akuti: "Ndine wa zaka 38. Kodi mayeso olemba ndi ovuta motani? Ndipo n'zoona kuti amalankhula chinenero chawochawo pa wailesi?"

Mphunzitsi: Aphunzitsi anzanga, zaka 38 si vuto ngati dokotala wavomera. Mabuku ndiwo amagwetsa ambiri, chifukwa aliyense amakonda kuuluka koma ochepa amakonda kukhala pansi. Mudzawerenga malamulo a zandege, zanyengo, kupeza njira ndi mapu, kampasi ndi wotchi, mmene phiko limanyamulira ndege, injini ndi zipangizo, kuwerengera kulemera kwa katundu ndi mafuta, komanso mmene thupi la munthu limachitira m'mwamba. Ku South Africa ndi ku Ulaya, kuti mukhoze phunziro lililonse mumayenera kupeza 75 pa 100. Pomaliza pamabwera woyesa amene amakwera nanu ndege n'kuona zonse ndi maso ake.

Pa wailesi timalankhula Chingerezi chachidule, ndipo ICAO imafuna kuti mufike pa Level 4 mwa magawo 6. Zilembo zili ndi mayina: Alfa, Bravo, Charlie mpaka Zulu. Ndege za ku Malawi nambala zake zimayamba ndi 7Q, ndiye timati Seven Quebec. Za ku Zambia ndi 9J. Woongolera ndege amene ali pa nsanja akakupatsani chilolezo, mumabwereza zimene wanena kuti nonse mutsimikize kuti mwamvana.

Koma inu a ku Mulanje, phunziro la zanyengo mulitenge ngati nkhani ya moyo. Mukuchidziwa chiperoni: m'mawa kuli ngwee, masana mitambo yatsika mpaka kuphimba minda ya tiyi, phiri lonse osaoneka, chikhalirecho nsonga yake ya Sapitwa yafika mamita 3,002. PPL yokha imakulolani kuuluka poona nthaka ndi kumene thambo lakumana ndi dziko. Mukalowa mumtambo musanaphunzire kudalira zipangizo zokha, khutu la m'kati limakunamizani: mumamva ngati mwawongoka pomwe ndege ikupendekera. M'dzinja muli mitambo ya mabingu imene ngakhale ndege zikuluzikulu zimailambalala. Mu Okutobala muli utsi wa moto wa tchire, komanso kutentha kumapepula mpweya, moti pa bwalo lokwera ngati la Kamuzu, limene lili pa mamita opitirira 1,200, ndege imathamanga mtunda wautali isananyamuke. Mawu ofunika kwambiri amene ndimaphunzitsa ndi awiri okha: "Lero sitiuluka." Wophunzira akawanena yekha, ine ndisanatsegule pakamwa, ndimadziwa kuti wakhwima.

Muulutsi: Uthenga uwu wachokera kwa m'bale wathu amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Akuti: "Ndasunga kangachepe. Sukulu ina ikuti ndikalipira zonse nthawi imodzi indichotserako mtengo. Ndichite bwanji?"

Mphunzitsi: Achimwene, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndikudziwa banja limene linapereka ndalama zonse, sukulu n'kutsekedwa mwana atauluka maola ochepa chabe. Lipirani pang'onopang'ono, molingana ndi maola amene mwauluka. Muli pamalo abwino, chifukwa kufupi nanu kuli mabwalo a Lanseria, Rand, Grand Central ndi Wonderboom, kumene kuli sukulu zambiri. Pitani nokha. Funsani chiphaso chosonyeza kuti sukuluyo inavomerezedwa ndi bungwe loyang'anira za ndege m'dzikomo la SACAA, werengani ndege zimene zikuulukadi, chezani ndi ophunzira pambali, ndipo funsani ngati mtengo wa pa ola ukuphatikizapo mafuta, mphunzitsi ndi msonkho wotera. Onetsetsaninso kuti mapepala anu okhalira m'dzikomo akukulolani kuphunzira.

Powerengera ndalama, musawerengere maola 45. Ambiri amafika 55 kapena 60 asanakonzeke. Ndipo musayambe ngati mudzatha kuuluka kamodzi kokha pa mwezi, chifukwa manja amaiwala, ndiye mumalipiranso zimene munaphunzira kale. Ndi bwino kusunga chaka china, kenako n'kumauluka kawiri kapena katatu pa sabata. Ola lililonse lilembedwe m'buku lanu la maola, ndipo bukulo mulisunge ngati chikalata cha malo. Mukadzafuna kuulutsa ndege ya nambala ya 7Q, laisensiyo mudzaipititse ku Malawi Civil Aviation Authority kuti akaivomereze.

Muulutsi: Funso lomaliza, lochokera kwa mayi wa bizinesi ku Nkhata Bay: "Ndikatenga PPL, ndingamanyamule alendo kupita nawo ku Likoma n'kumawalipiritsa?"

Mphunzitsi: Ayi mayi, lamulo likukana. Kuti mulandire malipiro pamafunika laisensi ya CPL, imene imafuna zaka 18, maola pafupifupi 200 ndi chiphaso cha dokotala cha Class 1, komanso bizinesiyo payokha imafuna chilolezo chake. Kaputeni wa ndege zikuluzikulu amakhala ndi laisensi ya ATPL, ya maola 1,500. Ngakhale kunyamula mlamu wanu kwaulere, muyenera kukhala mutanyamuka ndi kutera katatu m'masiku 90 apitawo. Malamulowa alipo chifukwa wokwerayo wakupatsani moyo wake, ndipo alibe njira yodziwira ngati mwakonzeka.

Muulutsi: Nthawi yatithera, aphunzitsi. Mawu otsiriza?

Mphunzitsi: Ndibwerere kwa mwana wanga wa ku Lumbadzi uja. Mawa ndege ikamatera, usangoiyang'ana. Ona kumene mphepo ikuchokera, uone ngati ndegeyo ikutera moyang'anizana nayo. Yang'ana mitambo m'mawa, ulembe m'kope zimene ukuganiza kuti zichitika masana, madzulo udzichonge wekha. Ukatero wayamba kale sukulu, ndipo sunalipire tambala.

Muulutsi: Makalata amene atsala tidzawawerenga sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino.