Phunziro la Mwezi Uno: Lilime Lathu ndi Thupi la Mnzathu

Kuwerenga: Yakobo 3:5-10, 1 Samueli 16:7



Ife a ku Chiradzulu sitinaiwale zaka zija munthu akawonda ankalozedwa chala kuti ali ndi kachilombo. Mu 2001 bungwe la MSF linayamba kupereka ma ARV m'boma lathu lino, ndipo ambiri anapezanso thupi. Tinaphunzirapo kuti tsankho limapha, pakuti munthu wonyozedwa amaopa kupita kuchipatala. Lero chala chomwecho tikuloza nacho amayi onenepa kwambiri. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi anali onenepa kupitirira muyezo. Ena mwa iwo timakhala nawo pamphasa imodzi.

Kunenepa kumachokera kuti?

Si kususuka kokha ayi. Pali chibadwa cha kumtundu, kubereka, kukula, zakudya zamafuta ndi shuga, komanso mankhwala. Ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene anayamba kuperekedwa kwa anthu ambiri mu 2019, amawonjezera ena thupi. Jakisoni wakulera amateronso kwa ena.

Chitonzo chimachita chiyani m'thupi?

1. Mayi akamauzidwa mu minibasi kuti alipire mipando iwiri, kapena kusekedwa pachitsime, mtima sukhala m'malo. Nkhawa ikakhalitsa, thupi limatulutsa kwambiri mchere wa m'magazi wotchedwa cortisol. Umenewu umakweza BP ndi shuga, numaunjika mafuta pamimba.

2. Amasowa tulo, ndipo ena amadya kwambiri pofuna kutonthoza mtima.

3. Amathawa sikelo. Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tikudziwa kuti mayi akadzudzulidwa pagulu sabweranso msanga. BP ndi shuga zimamudya mwakachetechete, ndipo sayezetsa khansa ya khomo la chiberekero.

4. Ena amasiya mankhwala mobisa kuti achepe thupi. Apa moyo uli pachiswe.

Choncho kunyoza sikuchepetsa munthu thupi, kumangomuwonjezera matenda.

Tichitenji?

Tileke nthabwala za thupi la munthu, ngakhale pa mwana wathu wamkazi kapena mpongozi. Ngati tili ndi malangizo, timuitanire mnzathu pambali. Tiperekezane kukayezetsa BP ndi shuga kuchipatala cha boma kapena ku Nguludi. Amene akuona kuti mankhwala akumunenepetsa asasiye kumwa, akafotokozere adokotala. Pamisonkhano yathu tichepetse mchere, mafuta ndi zakumwa zotsekemera kwa tonse, osati kwa mmodzi yekha.

Mafunso okambirana

(a) Ndi mawu ati amene timanena moseka koma amabaya mnzathu?
(b) Alipo mayi amene anasiya kubwera kugulu chifukwa cha manyazi? Adzamuyendera ndani sabata ino?

Pemphero

Atate Wakumwamba, Inu munatiumba ndi manja anu. Gwirani malilime athu kuti akhale ochiritsa, osati ovulaza. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.