Sikelo Ikaima: Mawu kwa Mabanja a Anthu Amene Anachepetsedwa Chifu

Inu eni makomo a ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George, kapepala aka kalembedwa chifukwa cha mbale wanu amene, atalemedwa ndi thupi zaka zambiri kufikira mawondo kukana, shuga kukwera ndi magazi kuthamanga, anavomera kuti madokotala amchepetse chifu, kaya kuno kwathu kaya ku India kapena ku South Africa kumene ambiri amanka kukafuna machiritso. Kalembedwanso chifukwa cha inu amene mumamphikira, pakuti wogwira mthiko ndiye asunga gawo lalikulu la mankhwala ake. Musayese kunenepa nkhani ya anthu achuma a ku Kabulonga okha, popeza kafukufuku wa STEPS wa 2017 anapeza kuti m'Zambia muno, mwa akuluakulu anayi alionse, pafupifupi mmodzi ali ndi thupi lopyola muyeso.

Opaleshoniyi dzina lake ndi gastric bypass, ndipo anaiyamba Dr Edward Mason ku Iowa, m'dziko la America, mu 1966. Dokotala amapatula kathumba kakang'ono kumtunda kwa chifu, kolowa mamililita pafupifupi 30, ndiko kuti masupuni aakulu awiri, nakalumikiza ku matumbo aang'ono, kotero kuti chakudya chimalambalala chifu chotsalacho pamodzi ndi chiyambi cha matumbo. Munthu amakhuta msanga, njala imamchepera, ndipo zina za m'chakudya sizilowa bwino m'magazi.

M'miyezi itatu kufikira isanu ndi umodzi yoyamba thupi limatsika mwaliwiro lodabwitsa, zovala n'kuyamba kulendewera, nthawi zina tsitsi n'kuthothoka. Ndipo m'komboni, mmene makoma ali ndi makutu, anansi sachedwa kunong'onezana kuti mwina ndi matenda aja, chimene chili chipongwe choyenera kuti banja lichikane poyera. Koma ikapita miyezi imeneyi liwiro lija limazirala. Sikelo imene inkasuntha mlungu ndi mlungu imayamba kusuntha mwezi ndi mwezi, pena kuima milungu ingapo ndi kuyambanso, kufikira pakati pa miyezi 12 ndi 18, kwa ena zaka ziwiri, thupi likhazikika pamene lafika. Ku Sweden, kumene ofufuza anayamba kutsata anthu otere mu 1987, anapeza kuti ochitidwa gastric bypass anataya magawo 32 pa 100 a kulemera kwawo m'chaka choyamba kapena chachiwiri, ndipo zitapita zaka 10 anali atatsikabe ndi magawo 25 pa 100. Tiyerekeze munthu wa makilogalamu 120: angatsike kufika pa 82, pambuyo pake n'kukwera pang'ono kukhala pa 90. Ameneyo opaleshoni yamthandiza ndithu, ngakhale sanabwerere pa thupi la unyamata wake.

Nanga n'chifukwa ninji thupi liima? Mayi aliyense adziwa kuti mbaula yaing'ono sidya makala ofanana ndi yaikulu. Momwemonso thupi likachepa, chakudya chimene limafuna kuti lipume, liyende ndi kudzifunditsa chimachepa, ndipo likaona kuti nkhokwe yake ya mafuta ilikutha, limayamba kusamala kwambiri chimene lalandira. Pa nthawi yomweyo kathumba kaja kamapola ndi kumasuka pang'ono, kotero kuti amene poyamba ankalephera kutha dzira amayamba kutha kambale. Cholowa chikafanana ndi chimene thupi ligwiritsa ntchito, sikelo iima. Pamenepa palibe tsoka, palibenso wolodza. Thupi likadapitirira kutsika kosalekeza, pamenepo mpamene tikadaopa.

Ino ndiyo nthawi imene ambiri amataya mtima ndi kusokera, ena kudzimana chakudya masiku, ena kugula tiyi ndi mapiritsi ochepetsa thupi ogulitsidwa pa Facebook ndi m'misika, amene ambiri mwa iwo ntchito yawo ndi kutsegula m'mimba ndi kutaya madzi basi. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wodzimana chakudya amataya minofu, ndipo minofu ikachepa thupi limatentha chakudya chochepa kuposa kale, n'kudzanenepanso msanga. Chimene tipempha n'chakuti pa mbale yake ndiwo zomanga thupi zitsogole, kapenta, nyemba, mazira, nkhuku, soya kapena mkaka wowawasa, kenaka chibwabwa, repu kapena kalembula, ndipo nsima ibwere pomalizira, kambamu kochepa. Atafune bwino, asamwere madzi pakudya koma adikire theka la ola. Maheu otsekemera, zakumwa za m'mabotolo, tiyi wodzaza shuga ndi vitumbuwa zimadutsa m'kathumbako osakhutitsa, ndipo shuga wambiri angamgwetse ndi thukuta, chizungulire, mtima kugunda ndi kutsegula m'mimba. Inu apongozi ndi alamu, musamkakamize kuti athe mbale poti mwamlemekeza. Kukana kwake si mwano. Ayende mwachangu theka la ola masiku asanu pa mlungu, atunge madzi, anyamule katundu monga dokotala wamlolera.

Mavitamini ndi a moyo wonse, ngakhale thupi litaima ndi mphamvu zitabwerera. B12, ayironi, kashiyamu ndi vitamini D zikasowa, magazi amachepa, mapazi amachita dzanzi, mafupa amafooka mwakachetechete. Chifukwa chake apimitse magazi kamodzi pa chaka kapena monga auzidwa. Asagule pa kantemba Brufen, diclofenac kapena aspirin, pakuti amatulutsa zilonda pa msoko wa kathumba. Fodya nayenso achita chimodzimodzi. Mowa, kaya Chibuku kaya kachasu, umalowa m'magazi msanga koposa kale, ndipo ena amagwa m'uchidakwa amene sanali nawo. Mayi adikire miyezi 12 kufikira 18 asanatenge pakati, ndipo afunse ku kiliniki njira yolerera yomuyenera, popeza mapiritsi akumwa sangadaliridwe monga kale. Mankhwala a shuga ndi a BP asawasiye kapena kuwachepetsa yekha. Safunsa anadya phula.

Akayamba kusanza kosalekeza, kumva m'mimba kupweteka kolimba, kuchita chimbudzi chakuda bii, kufooka miyendo, kapena thupi likapitirira kutsika pamene linayenera kuima, musagone naye m'nyumba. Mtengereni ku chipatala cha Kanyama, Matero kapena Chawama, kapena ku kiliniki ya Kalingalinga, Mtendere kapena George, kumene angamtumize ku chipatala chachikulu cha UTH kapena cha Levy Mwanawasa, ndipo munyamule makalata a opaleshoni yake kuti amene amuone adziwe mmene m'mimba mwake munasokedwera. Ndipo ngati pakhomo panu pali wina amene alikuwonda popanda opaleshoni ndi popanda kufuna, makamaka ngati atsokomola, atuluka thukuta usiku kapena amva ludzu losatha, ameneyo apite sabata lomwe lino akapimidwe TB, HIV ndi shuga.