KASUNGIDWE KA GALIMOTO YOIMA NTHAWI YAITALI

Kwa inu eni mabanja,

Alipo ena mwa inu amene munagula galimoto yonyamulira cimanga, fodya, mbuzi ndi ng'ombe kunka nazo kumsika. Galimoto yotere igwira nchito yace yaikuru m'masika ndi m'cilimwe. Koma mvula ikagwa, miseu nisanduka matope, iima pabwalo kuyambira Disembala kufikira Epulo. Ambiri ayesa kuti cinthu cosayenda sicikutha. Si momwemo ai. Galimoto ionongeka iri ciimire, ndipo mwini wace azindikira tsiku lomwe matumba ali kale pakhonde. Cifukwa cace mverani malangizo awa.

1. Malo. Musaimike pa udzu kapena pa dothi lonyowa, pakuti cinyontho cikwera nicicititsa dzimbiri zitsulo za pansi. Sankhani malo okwera, thiranipo timiyala, nimumange cigafa cosadontha, cotseguka m'mbali kuti mphepo ipite. Musaikulunge ndi pulasitiki, popeza itsekera cinyontho m'kati.

2. Kutsuka. Sesani njere iri yonse ya cimanga ndi mtedza. Njere ziitana makoswe. Makoswe atafuna nthambo za magetsi, namanga zisa mu injini, ndipo kumene kuli makoswe njoka itsatako. Ndowe ndi mkodzo wa ziweto zioletsa matabwa a pansi ndi kudya citsulo. Tsukani bwino, nimuyembekeze paume. Pamenepo bayani thabwa liri lonse ndi nsonga ya mpeni, pamwamba ndi pansi pomwe; mpeni ukalowa mosabvuta, laola. Akuru anati, cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere. Thabwa lotere likathyoka paulendo, mwendo wa ng'ombe utulukira pansi galimoto iri kuthamanga, ndipo cuma ca zaka zambiri citayika tsiku limodzi.

3. Batire. Itaya mphamvu yokha pang'onopang'ono, makamaka nyengo yotentha. Masulani nthambo ya cizindikiro ca (−), ndipo pobwezera nthambo zonse, imeneyo ikhale yotsiriza. Batire yodzala isonyeza mavoti 12.6, ikatsika kupitirira 12.4, ipatseni moto. Yesani kamodzi pa mwezi, pakuti batire yokhala miyezi yopanda moto kawirikawiri sidzukanso.

4. Matayala. Mpweya ucepa wokha, ndipo kulemera kukakhala pa mbali imodzi tayala liphwatalala. Popani monga mwa muyeso wolembedwa pa mphuthu ya citseko kapena m'buku la galimoto. Ngati idzaima miyezi yambiri yosasuntha, ikwezeni ndi jeke, nimuikhazike pa zipika zolimba. Njerwa ai, pakuti ziphwanyika. M'mbali mwa tayala muli manambala anai onena za kubadwa kwace: 2319 atanthauza sabata la 23 la caka ca 2019. Tayala la ming'alu, kapena lopitirira zaka 10, licotseni, ngakhale mano ace aoneka abwino.

5. Mabuleki. Musasiye buleki ya dzanja yokoka, cifukwa dzimbiri liigwiriza, ndipo magudumu akana kuzungulira. Lowetsani giya yoyamba, nimutsekere magudumu ndi zipika kutsogolo ndi kumbuyo. Kiyi ikhale m'nyumba, kumene ana saifikira. Mafuta a mabuleki amwa cinyontho ca mumpweya. Asinthidwe zaka 2 ziri zonse.

6. Mafuta. M'thanki yosadzala mukhala mpweya wambiri, ndipo usiku cinyontho cace cisanduka madzi. Cotero dzazani thanki ndi kutseka kolimba. Dziwaninso kuti m'Malawi anayamba kusanganiza petulo ndi ethanol wa nzimbe m'caka ca 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba nchito. Ethanol akoka madzi, ndipo petulo wokhalitsa aguga, nabvutitsa injini polira. Potulutsa galimoto onjezeranipo watsopano. Oyilo wa injini msintheni musanaimike, pakuti wakale ali ndi zonyansa zodya citsulo.

7. Kuyendetsa. Kuliza injini mphindi 5 zokha sikuthandiza kanthu. Kucepetsa moto wa batire ndi kusiya madzi m'paipi ya utsi. Ngati simunaikweze pa zipika, sankhani tsiku louma kawiri pa mwezi, nimuiyendetse mphindi 30, kufikira injini itentha bwino. Musailize konse m'nyumba yotseka, pakuti mu utsi wace muli mpweya wakupha wosaoneka ndi wosanunkha.

Tsiku loitulutsa likafika, musafulumire kukweza katundu. Tsegulani boneti, cotsani zisa za makoswe ndi za mabvu, penyani madzi, oyilo, nthambo ndi nyali. Yendani pang'ono wopanda katundu, ndi kuyesa mabuleki kangapo. Onaninso ngati cikalata ca COF ndi inshuwalansi sizinathe masiku.

Inu a ngolo za ng'ombe, mau awa akhudza inunso: pakani girisi m'magudumu, kwezani mtanda wokokera usagone pansi, ndi kulonda ciswe.

Werengerani anyamata anu mau awa, nimupatse mmodzi udindo wa kupenya galimoto tsiku loyamba la mwezi uli wonse. Nchito yace njocepa, koma idzakupulumutsani ku ngongole ya makaniko pa nyengo imene mbeu ziyembekeza msika.