Kuphunzitsa Mbiri Yakale ndi Funso: Fuko la Shimazu ku Japan

Ana ambiri amatha kutchula zaka za nkhondo pamtima, koma akafunsidwa chifukwa chimene zinthu zinachitikira amangoti kukamwa yasa. Mphunzitsi wa mbiri yakale ayenera kuyamba phunziro ndi funso limene anawo adzaliyankhe okha nthawi isanathe. Paja akulu anati safunsa anadya phula. Tiyeni tione njira imeneyi pa mbiri ya fuko la Shimazu, limene linkalamulira dera la Satsuma, kummwera kwa chilumba cha Kyushu ku Japan.

Chiyambi cha phunziro

Fotokozerani ana kuti asamurai anali ankhondo otumikira mbuye wa dera lao, ndipo ambiri ankalipidwa mpunga. Kholo la fukoli, Shimazu Tadahisa, linapatsidwa malo ku Kyushu ndi Minamoto no Yoritomo m'chaka cha 1185. Pambuyo pake likulu lao linadzakhala Kagoshima. M'chaka cha 1600, pa nkhondo ya ku Sekigahara, Shimazu Yoshihiro anali kumbali ya ogonja. Wopambana, Tokugawa Ieyasu, sanawalande dera lao, ndipo banja lake linalamulira Japan kuchokera ku Edo, mzinda umene lero ndi Tokyo. Tsono lembani pa bolodi funso ili: Kodi fuko logonja mu 1600 linatha bwanji kugwetsa banja la Tokugawa mu 1868?

Ntchito ya m'magulu

Pachikani mapu a Japan, gawani ana m'magulu atatu, ndipo gulu lililonse lilandire pepala la mfundo imodzi mwa izi.

Mfundo yoyamba ndi ya malo. Satsuma anali kutali ndi Edo koma pafupi ndi njira za panyanja. Mfuti za Apwitikizi zinafikira pa chilumba cha Tanegashima, kufupi ndi Satsuma, mu 1543. Mu 1609 a Shimazu anagonjetsa ufumu wa Ryukyu, ndipo kudzera kumeneko ankapeza katundu wa ku China pamene madera ambiri analibe mwayi wotere.

Mfundo yachiwiri ndi ya chuma. Kuyambira mu 1635 mbuye wa dera ankakakamizidwa kukhala chaka ku Edo, chaka kwao, ulendo umene unkadya ndalama zambiri. Mu 1754 asamurai a Satsuma anatumizidwa kukamanga zotchinga madzi pa mtsinje wa Kiso, kutali ndi kwao, ndipo ambiri anafera komweko. Ngongole itakula, fukoli linakakamiza alimi a pa zilumba za Amami kulima nzimbe ndi kupereka shuga yense kwa ilo lokha.

Mfundo yachitatu ndi ya kuphunzira kwa mdani. Shimazu Nariakira, amene anayamba kulamulira mu 1851, anamanga nyumba zosungunulira chitsulo ndi zopangira magalasi. Mu 1863 sitima za nkhondo za Angerezi zinaombera Kagoshima chifukwa asamurai a Satsuma anapha Mngerezi, Charles Richardson, chaka chapitacho. Poona mphamvu ya mizinga ija, fukoli linatumiza anyamata ake kukaphunzira ku Britain mu 1865.

Kumanga mfundo pamodzi

Magulu akafotokoza zimene apeza, mphunzitsi aonjezere kuti mu 1866 Satsuma anagwirizana ndi dera la Choshu, ndipo mu 1868 anagwetsa a Tokugawa nabwezera ulamuliro kwa mfumu yaikulu Meiji. Musafulumire kuyankha funso lija. Lolani ana atsutsane kuti mfundo yolemera koposa ndi iti, ndipo aliyense apereke chifukwa chake.

Chenjezo kwa mphunzitsi

Nkhani ya malupanga imakometsa phunziro, koma ikhoza kubisa anthu amene anasenza katundu wolemera. Ana akatuluka m'kalasi akutamanda asamurai okha, osakumbukira mlimi wa nzimbe, phunzirolo lafika theka. Auzeninso kuti boma latsopano linathetsa madera onse a mafuko mu 1871, ndi kuti asamurai a Satsuma ataukira bomalo mu 1877 motsogozedwa ndi Saigo Takamori, anagonjetsedwa.

Ntchito ya kunyumba ikhale iyi: ana alembe ndime imodzi yonena amene anapindula ndi mphamvu ya a Shimazu, ndi ina yonena amene anailipira. Poona ntchitoyo, perekani malikisi ambiri kwa mwana wopereka zifukwa kuposa wongotchula zaka.